Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto

Moto wolusa ukafika m'dambo umazima wokha chifukwa pansi pali chinyontho. Makolo ankatanthauza kuti mkwiyo ndi mikangano zimathera pamaso pa akulu.

Ku Thyolo, munthu amene wathyola tiyi zaka 30 ku Satemwa kapena ku Naming'omba, dengu lili kumsana, akapuma pantchito amaona ngati zake zatha. Sizinathe ayi. Malo olima m'bomali ndi ochepa, milandu ya malire siitha, maukwati a achinyamata akugwedezeka. Ndani angaweruze mofatsa kuposa amene anaphunzira kudekha posankha masamba awiri ndi kansonga tsiku lonse?

Agogo, pitani kubwalo la mfumu, langizani adzukulu, samalirani nthochi zanu kuseri kwa nyumba. Mudzi ukukufunanibe, ndipo ntchito imeneyo ilibe wina woigwira.