Mfundo Zofunika kwa Amayi Otsogolera Mabungwe ku Salima

Kuchokera ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay mpaka kwa Makanjira, zikwangwani za mabungwe zilipo zambirimbiri m'mbali mwa msewu. Zina zinachita dzimbiri, eni ake anatseka ofesi ndalama zitatha. Komabe alipo amayi amene ntchito yawo ikuonekabe mpaka lero, chifukwa anaisiya m'manja mwa anthu. Bungwe timaliyeza ndi anthu amene lawapatsa luso loti adzidyetse ndi kuthandiza anzawo, mwini wake ali pomwepo kapena atachoka. Mfundo zotsatirazi n'zoti tizisinkhasinkha.

1. Yambani ndi vuto limene mwaliona ndi maso anu. Mayi Lucy Finch, namwino wakuno kwathu amene anakhala zaka zambiri kunja, anabwera kudzadwazika m'bale wawo m'chipatala. Ali komweko anamva kubuula kwa msilikali wachinyamata amene ankamwalira ndi ululu woopsa, popanda mankhwala oti aupepuze. Kubuula kumeneko sikunawachoke m'makutu. Ku Uganda anali ataona ntchito ya Hospice Africa Uganda, yomwe Dr Anne Merriman anayambitsa mu 1993, ndipo anadziwa kuti munthu wodwala matenda osachiritsika sayenera kufa akulira. Mu 2007 anatsegula Ndi Moyo pa boma la Salima, ndipo mu 2016 wailesi ya BBC inawaika pa mndandanda wa amayi 100 odziwika a chaka chimenecho. Vuto ndilo linayamba, ndalama n'kubwera pambuyo. Bungwe lobadwa chifukwa kwamveka kuti azungu akupereka ndalama za mutu wakutiwakuti limafa tsiku limene ndalamazo zatha.

2. Zimene mukudziwa musazikumbatire nokha. Ndi Moyo sinangokhala malo operekerapo mankhwala. Imaphunzitsanso anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala kasamalidwe ka odwala otere, kuphatikizapo kaperekedwe koyenera ka mankhwala akumwa a morphine. Namwino mmodzi akaphunzira n'kubwerera kuchipatala chake, amafika kwa odwala amene woyambitsa bungwe sadzawaona n'komwe. Mtsogoleri wofuna kuti chilichonse chizidzera mwa iye amaoneka wakhama, koma akagona ndi malungo sabata imodzi, ntchito yonse imagona naye.

3. Musanaphunzitse luso, funsani kaye kumene lidzagulitsidwe. Tinazolowera kuti tikati maphunziro a atsikana ndiye kuti kusoka. Kusoka n'kwabwino, koma atelala khumi pa khonde limodzi la sitolo amangolimbirana mayunifomu a sukulu imodzi, chaka chikayamba basi. Yang'anani zimene Salima ali nazo. Kuli fakitale ya shuga, kuli Malawi Mangoes, kuli minda ya mpunga ku Lifuwu, kuli malo ogona alendo ku Senga Bay. Ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021. Pagombe, injini ya boti ikafa, mwini wake amataya usiku wonse wa usipa kudikira makaniko. N'chifukwa chiyani makanikoyo asakhale mtsikana? Sukulu ya Salima Technical College ili pafupi, ndipo bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, ndi limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno. Mtsogoleri wanzeru amagogoda pa zitseko zimenezi, kuti mtsikana wophunzira zamagetsi kapena kuwotcherera atuluke ndi satifiketi imene olemba ntchito amaizindikira, komanso malo oyeserapo ntchitoyo. Pepala lokongola lolandira pa mwambo wa zovina silidyetsa mwana.

4. Luso lopanda mpamba limaika mayi pa chiswe. Pitani kugombe m'bandakucha mabwato akamakocheza. Amayi aima m'madzi ofika m'maondo, mabeseni ali m'manja, aliyense akuitana msodzi amene akumudziwa. Nsomba zikachepa, wa ndalama m'manja ndiye amatenga. Amene alibe amagwa m'katapila, kapena m'mchitidwe umene tonse timaudziwa koma sitikonda kuutchula, wopereka thupi kuti apeze nsomba, womwe wafalitsa kachilombo ka HIV m'madoko ambiri. Mayi Joyce Banda anaona msanga kuti vuto la amayi a geni ndi mpamba, n'chifukwa chake anayambitsa National Association of Business Women cha mu 1990, zaka zoposa 20 asanakhale mtsogoleri wa dziko mu 2012. Kumudzi yankho lafika kudzera mu banki m'khonde, njira imene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Bokosi la ndalama za gulu limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamphasa aliyense akuona. Mayi amene wagula masheya ake n'kubwereka pagulu amafika kugombe ndi mphamvu yonena kuti ayi. Choncho pophunzitsa kuyanika usipa pathandala kapena kuwamba nsomba mwaukhondo, phunzitsaninso kusunga ndi kubweza ngongole.

5. Ndalama za bungwe ziwerengedwe poyera. Ngati amayi osapita patali ndi sukulu amatha kutsegula bokosi lawo pagulu, bwana wa bungwe alibe chifukwa chobisira komiti yake mabuku. Lamulo likufuna kuti mabungwe azilembetsa ndi kupereka malipoti ku bungwe la boma loyang'anira mabungwe la NGORA, koma lipoti loyamba lipite kwa anthu amene dzina lawo munapemphera ndalamazo. Chenjeraninso ndi maalawansi. Munthu wobwera ku maphunziro chifukwa cha envelopu amasiya kubwera envelopu ikasowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti za mabungwe ambiri zinasokonekera, ndipo m'nthawi zotere mtsogoleri amene anthu ake amadziwa mmene thumba lilili ndi amene amakhulupiridwa akanena kuti zinthu zavuta.

6. Lowerani pakhomo la mfumu, osadumpha mpanda. Chilumba cha Mbenji chakhala chikutsekedwa kwa asodzi nyengo ya mvula iliyonse kuyambira m'ma 1950 pansi pa ufumu wa Makanjira, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulolo ndi lawo. Kwa anansi athu ku Dedza, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene kale anali mlembi pa koleji ina ku Zomba, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, n'kuimitsa paudindo nyakwawa zolekerera mchitidwewu. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, koma lamulo la ku Lilongwe limagwira ntchito pamudzi likapeza mwini. Mtsikana amene mukufuna kumuphunzitsa ntchito ali ndi amalume, ali ndi mfumu, ali ndi shehe kapena abusa. Mukawalambalala, adzamuitanitsa maphunziro ali pakati.

7. Lemekezani nthawi ya mayi. Maphunziro oyamba m'mawa pamene nsomba zikutuluka, kapena oikidwa mkati mwa nyengo yowokera mpunga, amathamangitsa amene mumawafuna. Afunseni okha tsiku ndi ola, ndipo konzani woti alere ana pamthunzi amayiwo akuphunzira.

8. Konzani wolowa m'malo mwanu mukadali ndi mphamvu. Mabungwe ambiri amadziwika ndi dzina la mayi mmodzi, ndipo iye akakalamba kapena akalowa ndale, zonse zimabalalika. Sankhani atsikana awiri kapena atatu, ngakhale si abale anu. Atumeni kumsonkhano wa kwa DC akayankhule okha, aloleni alembe bajeti, alakwitse, muwakonze mwamseri. Komiti yanu ikhale ndi anthu otha kukuuzani kuti apa mayi mwaphonya. Ndipo chaka chikamatha, musanawerenge misonkhano imene munachititsa, lembani mayina a amene munawaphunzitsa, muwayendere mmodzimmodzi, muone kuti ndi angati akudya za manja awo.