Kakhadi ka m'thumba la jekete

Abale a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo: kodi chinthu mumachikonda chifukwa cha momwe chilili, kapena chifukwa choti anzanu alibe?

Mlongo wanga kuno ku Mtandire anagulira mwana wake wamng'ono jekete ya kaunjika. Mwambo wake mukuudziwa, chovala cha kaunjika sitichapa tisanapise m'matumba. M'thumba lam'kati munatuluka kakhadi ka Pokémon, kojambulidwa kachilombo kachikasu ka masaya ofiira kotchedwa Pikachu. Kwa milungu iwiri ana a pamalo pathu analibenso nkhani ina. Ankabwerekana, ena kukopera chithunzicho m'makope, wina mpaka analipira zitsekerero khumi za Fanta kuti agone nako usiku umodzi.

Kenaka mkulu wake, wa Fomu 4, anafufuza pafoni, ndipo zomwe anapeza ndi zoona. Makhadiwa anayamba kutuluka ku Japan mu 1996. Mu 1997 ndi 1998 magazini ya ana yotchedwa CoroCoro Comic inachititsa mipikisano yojambula, ndipo opambana ankapatsidwa khadi lapadera la Pikachu Illustrator. Silinkagulitsidwa m'sitolo, ndipo onse pamodzi analipo pafupifupi 40 basi. Mu 2021 Logan Paul, wa ku America wotchuka pa YouTube uja, anapeza limodzi pamtengo wa madola 5,275,000. Mnyamata wathu atawerenga zimenezi analanda kakhadi kaja, kukakulunga mu jumbo, kukatsekera mu sutikesi. Wamng'onoyo anabwera kwa ine misozi ili chuchuchu: "Ankolo, si kanga kodi? Nanga bwanji akundiletsa kukagwira?"

Musafulumire kumuseka wa Fomu 4, chifukwa anachita ndendende zomwe amachita eni malondawa. Kuli kampani yotchedwa PSA yomwe imayeza makhadi n'kuwapatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, kenaka n'kuwamatira m'kabokosi kapulasitiki. Kuti khadi lipeze 10 lisakhale ndi kokalika kapena ngodya yopindika. La Logan Paul linapeza 10. Mwaiona nkhani yake? Mphoto yomwe inapangidwira wojambula wa m'magazini ya ana inakwera mtengo chifukwa choti palibe anaiseweretsapo. Zala za mwana, zomwe khadilo linapangidwira, ndi zomwe zimaligwetsa mtengo.

Chodabwitsa n'chakuti mwini nzeru ya Pokémon, Satoshi Tajiri, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire la kwawo ku Machida, m'mbali mwa Tokyo, ngati momwe ife tinkathamangitsira ziwala. Tauni itameza tchirelo, anafuna kuti ana alawe chisangalalo chija kudzera m'masewera a kugwira ndi kusinthana. Chinayamba ngati kusinthana, lero ena akuchitsekera.

Komatu tisanamizane kuti kusunga ndi tchimo. Ifeyo vuto lathu ndi kutaya. Ndi angati mwa inu ali ndi chithunzi cha agogo awo ali achinyamata? Makaseti a Alleluya Band omwe ankalira m'nyumba mwanu ali kuti? Nanga ndalama yakale yapepala ya nkhope ya Kamuzu, mungamuonetse mwana wanu? Wosunga amatithandiza kukumbukira, ndipo munthu yemwe anasamala kapepala zaka zoposa 20 osakapinda ndimamupatsa ulemu.

Pomwe ndikusiyanitsa ndi apa. Pali kusunga chinthu kuti ena adzachione, ndiye pali kuchisunga chifukwa ena sangachipeze. Mukafuna kudziwa mbali yomwe muli, dzifunseni kuti mawa aliyense ku Mtandire, ku Mtsiriza ndi ku Area 47 atadzuka ali nacho chinthu chomwecho, mungachikondebe? Mukati eya, ndiye kuti mumakonda chinthucho. Mukaona mtima ukuwawa, zomwe mumakonda ndi kusowa kwa anzanu. Ndipo izi si za anthu a madola okha ayi. Ndi kangati mwasiya kuvala chitenje chokongola chifukwa mwachiona ndi anthu atatu pa ukwati? Chitenjecho sichinasinthe. Chinatha ndi mpata womwe chinkaika pakati pa inu ndi iwo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kakhadi kali m'manja mwa ana kankagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kali mu sutikesi kanasanduka maloto a ndalama, n'kudanitsa pachibale.

Mathero ake, kathu kaja kanapezeka kuti n'kawamba, mwa mabiliyoni omwe asindikizidwa, komanso kopindika ngodya zonse zinayi. Mkulu uja anakabweza mwamanyazi. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma ayi. Dzana wamng'onoyo anatola kandalama kakale ka 1 tambala kuseri kwa nyumba. Kale akanathamanga kukaonetsa anzake tinsomba tojambulidwapo. Ulendo uno anakabisa m'thumba, kubwera kwa ine n'kunong'ona: "Ankolo, tafufuzani, kangagulidwe zingati?"

Mwanayo ali ndi zaka 8. Funso limenelo tinamuphunzitsa ndife, ndipo kumuiwalitsa sindikudziwa kuti tiyambira pati.