WODWALA NDI MUNTHU, NDIPO MWINI MOYO WAKE NDI MULUNGU

Pa 11 February chaka ndi chaka, tsiku la chikumbutso cha Amayi Maria a ku Lourdes, Eklezia Katolika amapempherera odwala pamodzi ndi onse owasamala. Anakhazikitsa mwambo umenewu ndi Papa Yohane Paulo II m'chaka cha 1992. Tsono nkoyenera kuti Akristu, makamaka aphunzitsi a katekisimu amene amayendera odwala m'midzi, aganizire bwino za udindo wa namwino ndi wa munthu aliyense amene Mulungu wamuikira wofooka m'manja. Ntchito imeneyi njolemekezeka kwambiri, koma njoopsanso, pakuti munthu wogona pamphasa sangathe kudziteteza. Dzanja limene limamwetsa mankhwala lili ndi mphamvu yochiritsa, ndipo lomwelo lili ndi mphamvu yopha. Mbiri ya zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikuonetsa zimenezi poyera.

ZIMENE ZINACHITIKA KU GERMANY

M'chaka cha 1939 Adolf Hitler, wolamula dziko la Germany, anapatsa madokotala ena chilolezo chakupha odwala misala, opunduka ndi ena amene matenda awo ankayesedwa osachiritsika. Boma linatumiza mapepala a mafunso ku zipatala ndi ku nyumba zosungira opunduka. Mwa mafunsowo munali lakuti: kodi wodwalayu angathe kugwira ntchito? Madokotala ena, amene sanamuone nkomwe wodwalayo, ankawerenga pepala lija ndi kuikapo chizindikiro cha moyo kapena cha imfa. Pambuyo pake ankabwera mabasi, nanyamula osankhidwawo kupita nawo ku nyumba zisanu ndi imodzi zophera anthu, monga Hadamar, Grafeneck ndi Hartheim. Kumeneko ankawatsekera m'chipinda ndi kuwapha ndi mpweya wa poizoni, natentha mitembo yawo. Abale ankalandira kalata yabodza yopepesa maliro, yotchula matenda amene womwalirayo sanadwalepo. Pofika mu August 1941, anthu oposa 70,000 anali ataphedwa mwa njira imeneyi.

Chomvetsa chisoni koposa nchakuti anamwino ambiri anagwirako ntchito yoipayi. Ndiwo ankalongedza katundu wa odwala, ndiwo ankawakweza m'mabasi, ndiwo ankawavula zovala pakhomo la chipinda cha imfa. Kupha ndi mpweya kutaimitsidwa pa 24 August 1941, odwala anapitirirabe kuphedwa mobisa mpaka 1945, ena powamana chakudya, ena powamwetsa kapena kuwabaya mankhwala opitirira muyeso. M'chaka cha 1965 anamwino 14 a pa chipatala cha Meseritz-Obrawalde anazengedwa mlandu mu mzinda wa Munich. Ambiri a iwo anadziteteza ponena kuti anaphunzitsidwa kumvera dokotala pa zonse, ndipo bwalo linawamasula onse. Bwalo la anthu linawamasuladi, koma funso lidakalipo: kodi kumvera kungatsuke magazi a munthu wosalakwa? Iyayi. Kumvera akuluakulu nkwabwino, ndipo chipatala sichingayende popanda iko, koma kumathera pamene lamulo lachisanu la Mulungu likuyambira. Woyera Petro mwini wake, ataimikidwa pa bwalo la akulu a Ayuda ku Yerusalemu, anaonetsa kuti lamulo la anthu likatsutsana ndi la Mulungu, Mkristu ayenera kusankha la Mulungu.

AMENE ANAKANA

Mulungu sanadzisiye wopanda mboni m'masiku amdimawo. Mu December 1940 Likulu la Eklezia ku Roma linalengeza kuti kupha anthu osalakwa chifukwa cha kupunduka kwa thupi kapena kwa mutu nkotsutsana ndi lamulo la chilengedwe ndi lamulo la Mulungu. Pa 3 August 1941 Ambuye Clemens August von Galen, Episkopi wa ku Münster, analalika poyera m'tchalitchi, nautcha mchitidwewo dzina lake lenileni, ndilo kupha. Iwo anachenjeza kuti munthu si makina otayidwa akatha ntchito, kapena ng'ombe yophedwa ikaleka kutulutsa mkaka. Ndipo kuti ngati opanda phindu aloledwa kuphedwa, palibe amene angapulumuke, ngakhale nkhalamba, ngakhale msilikali wobwera kunkhondo atapunduka. Ulaliki umenewu anthu anaukopera ndi kuufalitsa mobisa m'dziko lonselo. Eklezia anawatcha Odala m'chaka cha 2005.

Koma chitsanzo chokhudza anamwino kwenikweni ndi cha Sisitere Anna Bertha Königsegg, mkulu wa asisitere a Woyera Vincent de Paul m'chigawo cha Salzburg ku Austria, amenenso anali namwino wophunzira bwino ntchito yake. Atamva mu 1940 kuti odwala a ku Schernberg, amene asisitere ake ankawasamala, adzasamutsidwa, anazindikira tanthauzo la kusamutsako. Analembera akulu a boma kalata yokana, nalonjeza kuti chipani chake chidzadyetsa odwalawo ndi chuma chake, kuti boma lisanene kuti akulidyera ndalama. Analetsanso asisitere ake kuthandizira mwa njira iliyonse kusankha kapena kunyamula odwala. Chifukwa cha zimenezi anamangidwa mu 1940, namangidwanso mu 1941, ndipo potsiriza anapirikitsidwa m'chigawocho. Ali m'ndende, odwala ambiri a ku Schernberg anatengedwabe kupita ku Hartheim. Pamaso pa anthu a dziko tsono, Sisitere ameneyu anaoneka ngati walephera. Koma asisitere ake sanadetse manja awo, ndipo odwala aja sanaperekedwe ndi amene ankawakhulupirira. Mulungu safunsa munthu ngati anapambana. Amamufunsa ngati anakhulupirika.

CHIPHUNZITSO CHA EKLEZIA NDI MALAMULO A MAIKO

Muzu wa tchimo lonselo unali bodza limodzi, lakuti mtengo wa munthu uli pa ntchito imene angathe kugwira. Buku la Genesis limaphunzitsa zosiyana: munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo chifaniziro chimenechi sichifafanizika ndi khate, khunyu, misala kapena ukalamba. Pa mutu 25 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo, Ambuye Yezu Kristu akudziika okha m'malo mwa anjala, ausiwa, odwala ndi am'ndende, ndipo akuonetsa kuti pa tsiku lomaliza anthu adzaweruzidwa pa zimene anawachitira ochepetsetsawo. Woyera Camillus de Lellis, amene anamwalira mu 1614 ndipo Papa Pio XI anamuika kukhala nkhoswe ya anamwino mu 1930, anamvetsa zimenezi kotero kuti ankatumikira odwala a m'zipatala za ku Roma monga kapolo atumikira mbuye wake, ngakhale iye mwini anali ndi chilonda chosapola pamwendo.

Nkhondo itatha, anthu a maiko anachita manyazi ndi zimene anaziona, nayamba kulemba malamulo oteteza ofooka. Mu 1947 oweruza a ku Nuremberg anakhazikitsa kuti munthu asayeseredwe mankhwala popanda kuvomera iye mwini mwaufulu. Pa 10 December 1948 bungwe la United Nations linalengeza za ufulu wachibadwidwe wa anthu onse. Mu 1953 bungwe la anamwino a maiko onse linalemba malamulo ake oyamba a khalidwe loyenera namwino. Pa 11 April 1963 Papa Yohane XXIII, m'kalata yawo yotchedwa Pacem in Terris, anawerenga chithandizo cha mankhwala pakati pa zinthu zimene munthu aliyense ali nazo ufulu, pamodzi ndi chisamaliro pa nthawi ya matenda, ya kupunduka, ya umasiye ndi ya ukalamba. Ndiye kuti kusamala wodwala si mphatso imene wamphamvu angaipereke kapena kuimana monga afunira. Ndi ngongole ya chilungamo.

Ngakhale kuno ku Malawi Maepiskopi sanakhale chete. M'kalata yawo ya nyengo ya Lenti, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, anadandaula za kuthithikana kwa odwala m'zipatala, za kuchepa kwa ogwira ntchito ndi za kukondera pothandiza anthu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 nawonso amanena kuti ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo amaletsa kuyesera munthu mankhwala iye asanalole.

ZOYENERA NAMWINO WACHIKRISTU

Wina angaganize kuti zoopsa za ku Germany zili kutali, ndipo kuti sizingafike pa chipatala cha kwawo. Koma anamwino aja sanayambe ndi kupha. Anayamba ndi kuzolowera kuona odwala ena ngati katundu wolemetsa, ndi kuwatchula ndi dzina la matenda m'malo mwa dzina lawo. Moto umene umatha tchire umayamba ndi kansakali kamodzi. Nchifukwa chake namwino wachikristu adziyese mtima pa zinthu izi.

Choyamba, ulemu. Gogo wodwala ndi gogo ndithu, ngakhale atadziipitsira pogona; ayankhulidwe monga mdzukulu ayankhula ndi agogo ake, ndipo thupi lake lifundidwe pamaso pa anthu. Mayi amene nthawi yake yochira yakwana asatukwanidwe kapena kumenyedwa pamene ali pakati pa moyo ndi imfa. Mawu achipongwe amabaya kuposa jekeseni, ndipo amachititsa amayi ena kuopa chipatala ndi kukachirira kumudzi, kumene ena amataya moyo.

Chachiwiri, chinsinsi. Zimene namwino waziona kapena kuzimva pantchito zikhale zotsekeredwa mumtima mwake. Kuulula kumsika kapena pachitsime kuti uje ali ndi kachirombo ka HIV ndi tchimo lolakwira lamulo lachisanu ndi chitatu, ndipo kwasudzulitsa maukwati ndi kuthawitsa anthu pa mankhwala opulumutsa moyo wawo.

Chachitatu, choonadi ndi chilolezo. Wodwala auzidwe m'chinenero chimene akuchimva za matenda ake ndi za mankhwala amene akupatsidwa, ndipo afunsidwe maganizo ake. Kusadziwa kuwerenga sikuchotsa munthu nzeru kapena ufulu pa thupi lake.

Chachinayi, chilungamo. Woyamba kuthandizidwa akhale amene wadwalitsitsa, osati wachibale, wa mtundu umodzi, wa mpingo umodzi kapena amene wabisa kanthu m'dzanja. Msamariya wa m'fanizo la pa Luka 10 sanafunse mtundu wa munthu wovulazidwa uja. Ndipo amene aba mankhwala a chipatala nakawagulitsa adziwe kuti sanabere boma lokha. Wabera mwana amene adzafa ndi malungo chifukwa chosowa mankhwalawo.

Chachisanu, kulimba mtima. Akalamulidwa kuchita chimene chikumbumtima chake chikumuuza kuti ndi kupha kapena kuzunza, akane mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Ndipo akaona mnzake akuzunza wodwala, asabise, koma akanene kwa akulu oyenera.

ZOYENERA AKRISTU ONSE

Namwino nayenso ndi munthu, ndipo ali ndi ufulu wake. Amachezera usiku wonse ndi odwala ochuluka kuposa mphamvu zake, ndipo nthawi zina amatenga matenda a amene akuwathandiza. Olemba ntchito, kaya ndi boma kaya ndi mpingo, amene amumana malipiro oyenera, mpumulo ndi zipangizo zodzitetezera, ali ndi gawo pa zolakwa zobwera ndi kutopa kwake. Odwazika matenda asamunyoze kapena kumuopseza, koma amuthokoze ndi kumupempherera.

Tsono odwala ambiri sali m'chipatala ayi. Ali m'nyumba za m'midzi, ndipo anamwino awo ndi ana awo, akazi awo ndi alongo awo. Malamulo omwewa akuwakhudza iwonso. Banja limene limatsekera mwana wopunduka m'nyumba chifukwa cha manyazi, kapena kumanga wodwala misala pamtengo m'malo mopita naye kuchipatala, lalakwira Mlengi wake. Mudzi umene umanamizira nkhalamba ufiti chifukwa chakuti yatsala yokha ndipo yayamba kuiwalaiwala, nuipirikitsa kapena kuiponya miyala, wagwa m'bodza lomwe lija lakuti wopanda phindu alibe ufulu wokhala ndi moyo. Akulu akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo wamphamvu wa lero ndiye nkhalamba ya mawa.

Aphunzitsi a katekisimu ndi atsogoleri a miphakati adziwe tsono nyumba iliyonse mmene muli wodwala, wopunduka kapena nkhalamba yosowa woisamala. Agawane ntchito yotunga madzi, yotola nkhuni, yolima munda ndi yofolera denga, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aitane wansembe nthawi ikadalipo, wodwala akadatha kulankhula, kuti alape, alandire Ukaristia ndi Sakramenti la Kudzoza Odwala, limene si chizindikiro cha imfa koma chithandizo cha Ambuye kwa wofooka. Akamva kuti wina akuzunzidwa, asaope kuyankhula, monga Sisitere wa ku Salzburg sanaope ndende.

Amayi Maria, Mchiritsi wa odwala, ndi Woyera Camillus apempherere anamwino onse ndi odwazika matenda onse, kuti manja awo akhale ofatsa ndi mitima yawo yolimba, ndipo kuti pa tsiku la chiweruzo Ambuye Yezu adzawazindikire monga anthu amene anawasamala Iwo pamene anali kudwala. Amen.