Mwana Wosekedwa Timuuze Chiyani?

Ambirife tinamuonapo mwana wotere kuno ku Songani. Ali mu Sitandade 7. M'mamawa amathandiza mayi ake kunyamula matemba ochokera ku Chilwa, ndipo akalowa m'kalasi anzake amatseka mphuno n'kumamuitana kuti "Matemba". Poyamba ankaseka nawo. Pano amakhala kumbuyo, sakwezanso mkono, ndipo masiku ena amanamizira mutu kuti asapite kusukulu.

Ife akuluakulu tili ndi mayankho awiri okonzeratu. Ena timati, "Ungowasiya, mawu sapha." Ena timati, "Ubwezere, usamachite mantha." Mayankhowa timawakonda chifukwa amathetsa nkhani msanga, ife n'kubwerera ku ntchito zathu.

Koma pa msinkhu umenewu mawu amalasa kwambiri. Jean Piaget wa ku Switzerland anaona kuti mwana akafika zaka 11 kapena 12 amayamba kulingalira zinthu zosaoneka ndi maso. Zina mwa zinthu zimenezi ndi zomwe anthu ena akumuganizira. Mu 1967, David Elkind anafotokoza kuti wachinyamata amaona ngati maso a anthu onse ali pa iye. Komanso mbali yakutsogolo ya ubongo, yothandiza kudziletsa ndi kuyeza nkhani modekha, imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Choncho dzina lachipongwe limene ife tingaliiwale pofika madzulo, mwanayo amalitenga ngati chigamulo cha moyo wake wonse.

Nanga timutonthoze ndi bodza, kuti sakununkha? Iye akudziwa kuti fungolo lilipo, ndipo tikamunamiza sadzatikhulupiriranso. Choonadi ndi chokwanira. Matembawo ndiwo amamugulira makope, ndipo osekawo mwina amadyera nsima matemba omwewo. Amene tikukumbukira mmene nyanja inaumira mu 1995 komanso mu 2018 tikudziwa kuti makomo ambiri ankalilakalaka fungo limeneli.

Komabe kudzidalira sikumera ndi mawu okha. Mwana amene amawerengera chenji pamsika amadziwa masamu, ngakhale iye mwini sanazindikire. M'magulu athu a achinyamata a zaka 12 mpaka 15 tingamupatse ntchito yeniyeni, monga kusunga kaundula wa ndalama za mbande zimene gulu likufuna kubzala. Anzake akayamba kumufunsa kuti zatsala zingati, amamuona mwatsopano, iyenso amadziona mwatsopano.

Pali gawo lina limene si la mwana. Kukaonana ndi aphunzitsi kapena komiti ya makolo ndi udindo wathu, ndipo ndi bwino kumuuza tisanapite, kuti asaone ngati tamuulula. Zikafika pomenyedwa kapena kuopsezedwa, pali nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane, imene bungwe la YONECO limayendetsa kuchokera ku Zomba.

Chotivuta kuvomereza n'chakuti wosekayo nayenso ndi mwana wathu, wa msinkhu womwewo, woopa kusekedwa ngati mnzakeyo. Mayina ena achipongwe amawamva kwa ife tomwe, tikamacheza pakhonde za anthu a kunyanja.