Maselo a M'mafupa M'diso Losakhwima: Amasamalira, Koma Salowa M'malo

Retina ndi kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Mwa nyama zoyamwitsa, kuphatikizapo munthu, maselo ake olandira kuwala akafa saphukanso. N'chifukwa chake munthu amene wasiya kuona ndi matenda monga retinitis pigmentosa sayambanso kuona.

Asayansi anatembenukira ku mafuta a m'mafupa chifukwa muli maselo osakhwima, otchedwa stem cells, a mitundu iwiri. Ena amabala maselo onse a magazi. Ena, amene Alexander Friedenstein wa ku Soviet Union anawafotokoza m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amatha kusanduka fupa, chichereŵechereŵe kapena mafuta. Maselowa ndi osavuta kupeza, angatengedwe mwa wodwala yemweyo kotero kuti thupi siliwakana, ndipo powapeza palibe mluza umene umawonongedwa. Funso linali lakuti: kodi atabayidwa m'diso angasanduke maselo a retina?

Ofufuza anasankha diso limene likukula chifukwa m'mera mpoyamba. Retina yosakhwima imakhala idakali ndi mankhwala achilengedwe olozera selo lililonse kopita ndi ntchito yokagwira. Mbewa ndi yoyenera pa kafukufukuyu popeza mitsempha ya magazi ya retina yake imamera m'masabata atatu oyamba itabadwa. Kanyama kena ka ku Brazil, ka mtundu wa opossum, kamabereka patangopita masabata awiri katatenga bere, maso a ana ake akadali ngati a mluza. Mu 2003 gulu la Donald Sakaguchi pa Iowa State University linabaya maselo osakhwima a ubongo wa mbewa m'maso a tiana ta kanyamaka. Linapeza kuti maselo achilendowo ankaloŵerera bwino mu retina ya tiana tating'ono kwambiri, pomwe mwa tokulirapo ankaloŵa ochepa.

Umboni wamphamvu pa maselo a m'mafupa unachokera ku Scripps Research Institute ku California. Mu 2002 Atsushi Otani ndi Martin Friedlander anawabaya m'maso a mbewa zongobadwa kumene. Maselowo anatsatira maselo ooneka ngati nyenyezi, otchedwa astrocytes, amene amalambula njira ya mitsempha ya magazi, n'kukhala mbali ya mitsempha yomerayo. Mu 2004 gulu lomwelo linasonyeza kuti mwa mbewa zobadwa ndi matenda owononga retina, diso lobayidwa linasunga mitsempha yake ndiponso maselo ambiri olandira kuwala kuposa diso linzake.

Apa mpofunika kumvetsa bwino chimene chinachitika. Maselo olandira kuwala amene anapulumuka anali a mbewayo. Alendowo sanasanduke maso atsopano. Anateteza eni nyumba kuti asafe msanga. Kumeneku ndi kupambana ndithu, koma ndi kosiyana ndi kumene ambiri ankayembekezera.

Palinso chifukwa chokayikira malipoti onena kuti selo la m'fupa lasanduka selo la retina. Ofufuza amazindikira maselo obayidwawo poona puloteni yoŵala mobiriŵira imene ili mwa iwo. Mu 2002 magulu awiri anasonyeza kuti maselo osakhwima amatha kuphatikana ndi selo lina n'kuoneka ngati asintha mtundu pomwe sanasinthe. Mu 2016 magulu atatu anapeza kuti maselo obayidwa mu retina amapatsirako puloteni yoŵalayo maselo a mwini diso. Choncho kubiriŵira kokhako si umboni. Selo liyenera kusonyeza kuti likulandira kuwala ndipo lalumikizana ndi anzake. Arnold Caplan, yemwe mu 1991 anapatsa maselo a Friedenstein dzina loti mesenchymal stem cells, mu 2017 anapempha kuti dzinalo lisinthidwe, ponena kuti ntchito yawo m'thupi ndi kutulutsa mankhwala othandiza maselo ena.

Ena anganene kuti kusiyanaku n'kopanda ntchito malinga wodwala athandizike. Koma njira imene mankhwala amagwirira ntchito ndi imene imauza dokotala woyenera kuwalandira ndi nthaŵi yake. Ngati maselowa amangoteteza, angathandize diso limene likadali ndi maselo amoyo, osati limene linazima kalekale. Komanso odwala ambiri ndi akuluakulu, ndipo retina yawo inakhwima n'kuchita zipsera zimene zimatchinga maselo achilendo.

Kunyalanyaza zimenezi kunavulaza kale anthu. Mu 2017 magazini ya New England Journal of Medicine inafotokoza za amayi atatu okalamba amene maso awo anawonongeka kwambiri atabayidwa, pa kiliniki ina ku Florida, maselo ochokera m'mafuta a thupi lawo m'maso onse awiri tsiku limodzi.

Kafukufuku wa diso losakhwima ayenera kupitirira, chifukwa akuphunzitsa zimene retina imafuna kuti ilandire selo lachilendo. Koma zimene zatheka mwa mbewa ya masiku ochepa siziyenera kugulitsidwa kwa munthu wamkulu ngati mankhwala a khungu.