Mnzako akapsa ndevu, mzimire

Ndevu zikagwira moto, mwini wake sazindikira msanga. Zili pansi pa chibwano, maso safikako. Woyamba kuona utsi ndi mnzake amene wakhala moyang'anana naye pamoto. Akuluakulu atati "mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako", ankanena za anthu awiri ootha moto umodzi, onse andevu. Wozimayo si mfumu, si sing'anga. Zakenso zikhoza kupsa mawa.

Ambiri timaumva mwambiwu ngati wa ngongole: thandiza lero kuti udzathandizidwe. Ine ndimaona kuti ukunena za kufanana, makamaka pa mabala a mumtima.

Mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, matope otsika m'phiri la Soche adakwirira nyumba ku Chilobwe. Mayi wopulumuka pa ngozi yotere, mvula ikangoyamba kulira pamalata, tulo timatha. Amakhala tsonga, atagwira ana pamkono mpaka kucha. Abale amati, "Limbani mtima, zija zidapita." Amanena mwachikondi, koma mawuwo samufika. Mnzake amene adagona naye m'kalasi imodzi kumsasa safunsa zambiri. Amangoti, "Inenso dzulo sindinagone," mtima wa mayi uja n'kukhalako m'malo.

Pali vuto lina limene madokotala amalitcha borderline personality disorder. Mwini wake amaopa kwambiri kutayidwa. M'mawa akukukonda ndi mtima wonse, madzulo foni imodzi yosayankhidwa yasanduka umboni woti wamuda. Ena amafika podzicheka. Ambiri mwa iwo adachitiridwa nkhanza kapena kunyanyalidwa ali ana. Kwathu kuno timangoti "ndi wovuta", ena amati ziwanda, basi nkhani yatha.

Marsha Linehan wa ku America, amene adayambitsa chithandizo chotchedwa DBT, adawayerekeza anthu otere ndi munthu wopsa mpaka khungu kuchoka, amene kumukhudza pang'ono kumamupweteka. Ankadziwa chimene akunena. Mu 2011 adaulula poyera kuti mu 1961, ali ndi zaka 17, adagonekedwa m'chipatala cha Institute of Living ku Hartford, ndipo adakhalamo miyezi 26, akudzivulaza yekha. Wozima ndevu za anthu ambirimbiri anali ndi zipsera zake.

Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare. Agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala, n'kumamvetsera ovutika maganizo. Chimene chimandikoka mtima ine ndi chotsatira chake: othandizidwawo amalowa m'magulu otchedwa Circle Kubatana Tose, kumene amakumana okhaokha, kukambirana uku manja akuluka zikwama za mapulasitiki. Wopsa dzulo ndiye akuzima lero.

Komatu mwambiwu udati mzimire, sudati mchiritse. Chilonda cha moto chimafuna mankhwala, ndipo wozima ndi manja naye amapsa zala. Gulu la anzako lilibe mphamvu ya dokotala. Nkhani ya wina ikakutsitsimutsira yako, kutuluka panja kukapuma si kuthawa mnzako.

Tsono mnzanu wa m'gulu akayamba kunena zofuna kudzipha, chinsinsi chimenecho musachisunge. Uzani wachibale amene iye amamukhulupirira, ndipo mumperekeze nokha kuchipatala chapafupi, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kapena ku Zomba Mental Hospital. Musadikire kuti kuche.