Mame a pamsana pa njovu

Mdzukulu wanga wina amagwira ntchito kubanki ku City Centre. Loweruka lapitali anatsika minibasi pa depoti n'kudzandipeza pakhonde pomwe ndakhala ndikupalasa makina osokera kuyambira kale, Lilongwe yense akadali msika, mzikiti, mlatho ndi timaofesi ta boma kutsidya kwa mtsinje. Anabwera ndi buluku loti ndimupindire, koma bulukulo linali pobisalira chabe. Nkhani yeniyeni inali yoti bwana wina wandale wamuitana kuti azikamusungira mabuku a ndalama, za kampani ndi za chipani pamodzi, ndipo wamulonjeza nyumba ku Area 43.

"Agogo, inu mukuona bwanji?"

Ndinamufunsa ngati dzina la Aleke Banda analimvapo. Anati ee, mwini wake wa nyuzipepala ya Nation. Ana a lero njoka amayigwira kumchira. Ndinamuuza kuti akoke mpando.

Aleke kwawo kunali ku Tukombo, ku Nkhata Bay, koma sanabadwire komweko. Anabadwa mu 1939 ku Livingstone, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, nakulira ku Kwekwe ku Southern Rhodesia, ngati ana ambiri a matchona. Mu 1959, chaka cha chipwirikiti chija, atsamunda anamugwira ali mnyamata wa sukulu namuthamangitsira kuno, dziko la makolo ake lomwe iye sankalidziwa bwino. Anapeza Nyasaland African Congress italetsedwa, Kamuzu Banda ali m'ndende ku Gwelo, Chipembere ndi anzake nawonso atatsekeredwa. Mudzi unali wopanda akuluakulu. Mu Seputembala chaka chomwecho iye ndi Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party, Orton pampando, Aleke mlembi wamkulu, ali ndi zaka 20 zokha. Ndiyenso ankalemba ndi kusindikiza Malawi News, mapepala omwe anthu ankapatsirana m'manja mpaka kuthetheka. Kamuzu potuluka pa 1 Epulo 1960 anapeza moto uli wosonkhedwa kale, iye n'kungofikira kuwotha.

Dzina loti Banda lisakusokoneze, mdzukulu, panalibe chibale. Koma anthu ankawaona ngati bambo ndi mwana. Nduna zitagalukira Kamuzu mu 1964, Orton, Kanyama Chiume, Yatuta Chisiza ndi ena n'kuthawa m'dziko, Aleke anatsalira kumbali ya Ngwazi. Anatsogolera achinyamata a chipani ndi a payoniya, kenaka anakhala nduna, mpaka kugwira unduna wa zachuma. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo sindikunyoza ayi, umo ndi mmene zinalili: akadutsa, ngakhale akuluakulu a imvi ankavula zipewa.

Apa ndiyenera kunena chomwe ena amachilumpha akamamutamanda. Chipani chomwe chinkabweza amayi pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi, chipani chomwe chinkaimitsa basi kuti aliyense aonetse khadi, mnyamata ameneyu anali mmodzi mwa amisiri ake. Iye anakumba nawo mbuna. Mwina ankati akukumbira fisi. Koma mbuna ilibe maso.

Anagweramo koyamba mu 1973. Nyuzipepala ina ya ku Zambia inamutchula ngati munthu amene angadzalowe m'malo mwa Kamuzu. Mawu ochepawo anakwanira. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo tambala wa pa mbendera ya Congress anali mmodzi yekha. Anamuchotsa m'chipani namubweza kumudzi. Patapita nthawi anamukhululukira, koma sanamubwezere pa bwalo la ndale monga kale. Anamupatsa thumba: kuyendetsa Press Holdings.

Mdzukulu wanga anaseka apa. "Ndiye kuti anakwera, agogo, sanatsike."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinamufotokozera chomwe Press inali, poti iye anabadwa Press ili kale kampani ya pa msika wa masheya. Inayamba ngati makina osindikizira nyuzipepala ya chipani, ndiye dzinalo. Pofika zaka za m'ma 1970 inali itamera nthambi paliponse: maesiteti a fodya, masitolo a PTC, mabekale, mayendedwe, masheya m'mabanki. Ukagula buledi m'mawa, sopo masana, n'kukasiya ndalama kubanki madzulo, tsiku lonse unali m'manja mwa Press osadziwa. Ndipo pafupifupi masheya onse anali m'dzina la munthu mmodzi, Kamuzu, yemwe ankati akusungira mtundu wa Amalawi. Ndalama zokulitsira zinkachokera kuti? Mbali yaikulu inali ngongole za kumabanki ndi za ku ADMARC. ADMARC inkagula fodya, mtedza ndi thonje kwa mlimi wa ku Mitundu ndi ku Nsaru pa mtengo wotsika, n'kukagulitsa kunja pa mtengo wokwera, phindu lake n'kubwereketsa ku maesiteti a akuluakulu. Ife osoka pakhonde tinkaona zotsatira zake mosadziwa masamu ake: mlimi akagulitsa mbewu ankabwera kudzasoketsa kabudula mmodzi wa mwana wa sukulu, pomwe ku Capital Hill nyumba zikukwera, likulu likusamuka kuchoka ku Zomba mu 1975.

Tsono taganiza za munthu amene wakhala pakati pa zonsezi ndi cholembera m'manja. Thumba ndi la kampani, kampani ndi ya mfumu, mfumu ndiye chipani, chipani ndiye boma. Mfumu ikafuna ndalama zomangira, zogawira mbumba, zoperekera mphatso, imatuma kwa wosunga thumba. Wosunga thumba akati ee nthawi zonse, thumba libowoka ndipo mlandu ndi wake. Akati ayi kamodzi, wanyoza mfumu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mitengo ya mafuta inakwera, fodya anagwa mtengo, nkhondo ya ku Mozambique inayamba kutseka njira za ku Beira ndi Nacala, Press inamira m'ngongole. Mu 1980 Aleke anamangidwa. Nkhani yomwe inayenda m'makutu mwa anthu inali yoti anadandaula za ndalama zomwe mwini wake ankatapa m'kampanimo. Sanaimepo pamaso pa woweruza aliyense. Anakhala m'ndende zaka 12, zambiri mwa izo ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba.

Ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mwambiwu ambiri amaumva ngati ukunena za kukumbukira osauka oyenda pansi. Ine ndimaumva mwina: tsiku lina njovu idzagwedeza msana, ndipo mame omwewo adzakunyowetsa iwe, ukuchokera pamwamba pomwe sunazolowere kuzizira.

Ndipo si kwathu kuno kokha. Kamuzu asanabwere mu Julaye 1958 anakhala zaka zingapo ku Kumasi, ku Ghana, akugwira ntchito ya udokotala, ndipo anaona ndi maso momwe Kwame Nkrumah ankayendetsera chipani. Ngakhale upayoniya wathu unatengera mbali ina ku Ghana. Kumeneko kunali munthu wotchedwa Komla Gbedemah, wamalonda amene analowa ndale. Nkrumah ali m'ndende, Gbedemah ndiye anagwira chipani cha CPP mpaka chinapambana chisankho cha 1951, atsamunda n'kukakamizika kutsekula chitseko. Anakhala nduna ya zachuma kuyambira 1954. Mu 1957 ali ku America anamukaniza kumwera madzi a malalanje m'lesitilanti ina ku Delaware chifukwa cha khungu lake, mpaka Pulezidenti Eisenhower anamuitanira chakudya cha m'mawa ku White House pofuna kupepesa. Munthu wolemekezeka chotero, mu 1961 anasemphana ndi Nkrumah, nachotsedwa, nathawa m'dziko lomwe anathandiza kulimasula. Anabwerera Nkrumah atagwetsedwa ndi asilikali mu 1966. Wosunga chipani mwini ali m'ndende, wosunga thumba mwini atatuluka, kenaka mdani. Ukachotsa maina, ndi nsalu imodzi yodulidwa pawiri.

Kusiyana kwake n'koti Gbedemah anaona mitambo nathawa. Aleke sanathawe, ndipo mwina ndendeyo ndiyo inamusunga. Albert Muwalo, yemwenso anali mkulu m'chipani, ananyongedwa mu 1977. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto. Orton, mnzake woyambitsa naye chipani, wa ku Nkhata Bay komweko, anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Aleke atangotuluka miyezi yochepa. Nthawi zina ndikamasoka ndimaganiza kuti zaka 12 zija zinali ngati mbewu yoiwalika pansi pa nkhokwe, yomwe anankafumbwe sanaione.

Zotsatira mdzukulu wanga ankazidziwa pang'ono. Kalata ya maepiskopi ya Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, UDF ya Bakili Muluzi, Aleke wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipanicho. Mu Disembala 1993 ife a mu Lilongwe tinamva mfuti asilikali akulanda zida za apayoniya, gulu lomwe iye analilera lili khanda. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitatha, anabwerera ku unduna wa zachuma womwe anaugwirapo zaka zoposa 20 m'mbuyomo. Madzi saiwala khwawa. Ndipo mu 1995, iye ali pampandowo, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lochotsa Press m'manja mwa Kamuzu ndi anthu ake. A Congress anakadandaula kukhoti, nkhani inakoka mpaka ku Supreme Court, boma linapambana. Ena anati kunali kubwezera. Ena anati palibenso wina amene ankadziwa pomwe nsalu imeneyo inasokedwa moti n'kuiphwasula osaing'amba. Ine ndimati zonse ziwiri zingakhale zoona mwa munthu mmodzi.

Ali nduna ya zaulimi kunabwera sitata paki, kathumba ka feteleza ndi mbewu kwa mlimi aliyense wamng'ono, mu 1998. Ndimakumbukira chifukwa chaka chotsatira chimanga chinadzaza msika wathu uno. Kaya ankabweza ngongole kwa mlimi wa ku Mitundu uja, sindinamufunse, sitinali anthu okhala pa mphasa imodzi.

Kenaka tambala wina anayamba kukonda kulira kwake. Muluzi anafuna kupitirira matemu awiri, zitakanika anasankha yekha Bingu wa Mutharika. Aleke, amene anali atadikira pamzere, anatuluka mu UDF, natsogolera PPM, ndipo mu 2004 anaima ngati wachiwiri kwa Gwanda Chakuamba mu Mgwirizano. Anthu awiri omangidwa chaka chimodzi cha 1980 ndi mfumu imodzi, tsopano pa pepala limodzi lovotera. Sanapambane. Anamwalira mu Epulo 2010 ku South Africa, atadwala khansa.

Pa zonse anagwira, chipani chinamumanga, Press sinali yake, UDF inamudumpha, masitolo a PTC omwe tinkati sadzatha atsekedwa. Chomwe chinatsala m'dzina la banja lake ndi nyuzipepala yomwe anayambitsa mu 1993, atangotuluka m'ndende, ntchito yomweyo imene anayamba nayo ali mnyamata wa zaka 20. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mdzukulu wanga anakhala chete, akuyang'ana mavenda akuyala nsapato za kaunjika tsidya la msewu.

"Ndiye ndikane, agogo?"

Ndinamuuza kuti ine ndi telala, sindiletsa munthu kuvala suti. Ndinangomufunsa mafunso awiri: kodi bwanayo mabuku a kampani ndi a chipani ali m'kabati imodzi kapena ziwiri, ndipo nyumba ya ku Area 43 idzalembedwa m'dzina la yani. Anati sanafunse. Ndinamupatsa buluku lake, ndamusiyira mpindiro waukulu m'kati kuti akadzafuna kulitalikitsa asavutike, ndipo anandilipira ndi foni, ndalama zomwe sindinazigwire m'manja. Anawoloka kulowera ku depoti, atanyamula bulukulo m'jumbo, akuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene anabwerera.